Che Bwanali Sankayeza Mwana Ali Chigonere

Che Bwanali anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale, monga amachitira Asilamu. Ine uthenga unandipeza Lachinayi kusukulu kumene ndikuphunzitsa tsopano, kufupi ndi Chiponde. Amene anaubweretsa ndi dalaivala wa lole ya nsomba zouma, ndipo anaunena ali m'galimoto momwemo, injini ikulira. Ndinamuthokoza, ndinabwerera m'kalasi, ndinamaliza samu imene ndinaisiya pabolodi. Mpaka lero sindinalire. Sikuti ndikudziletsa ayi. Ndikafufuza mumtimamu sindikupezamo kanthu, muli zii ngati m'nyumba imene eni ake asamuka.

Che Bwanali anali kalipentala wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Makokola, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa nditachoka kwathu ku Ntcheu. Ndinafika ndi mwana mmodzi, Dalitso. Bambo ake anapita ku Joni ndipo makalata analeka okha. Nyumba ya aphunzitsi imene anandipatsa inayang'anizana ndi chisakasa cha Che Bwanali, msewu wokha pakati, moti ndinkadzuka ndi kulira kwa sowo yawo ngati momwe ena amadzukira ndi tambala.

Anali munthu wamfupi, wa mikono yonenepa, mkanjo wawo woyera ataumanga m'chiuno ndi chingwe kuti usakodwe m'matabwa. Kukhutu kunkakhala pensulo imene sindinaione ikulemba ngakhale kamodzi. Pathabwa ankalemba ndi kampeni. Khadi la chipani ankalisunga m'kofiya, ndipo akafika pachipata cha msika, pamene pankaima anyamata ofunsa makhadi, ankangovula kofiyayo n'kuwaonetsa m'kati mwake. Anyamatawo ankayesa kuti mkuluyo akuwapatsa ulemu. Iwo ankati akungopulumutsa nthawi.

Thabwa asanalidule ankayamba alinunkhiza. Misomali ankadana nayo, ankati ndi ya anthu aulesi amene sanapemphe matabwa awiri kuti agwirizane. Zinthu zawo ankalumikiza ndi mapanda ndi tizikhomo tamtengo, ndipo mpando wawo ukhoza kuuphwasula n'kuubwezeretsa popanda kuuvulaza. Koma ukawapatsa ntchito, uiwale. Tebulo la ahedi linatenga mvula ziwiri. Ahedi akapita kukadandaula ankawapatsa mpando, n'kuwafotokozera mofatsa kuti mtengo umenewo unakula zaka makumi asanu osathamangira aliyense.

Mkangano wawo waukulu unali ndi akazi awo, Abiti Saidi, ndipo unali wa matabwa khumi ndi awiri a mbawa amene anasanjikidwa kuseri kwa chisakasa, ofunditsidwa mphasa zakale. Che Bwanali ankati amenewo ndi boti limene adzakhome akadzapeza mpata. Abiti Saidi ankati anakwatiwa botilo lili pomwepo, ana abadwa n'kukwatiwa botilo lili pomwepo, ndipo nsomba za m'nyanja zonse zinamva kale mbiri yake n'kusiya kuliopa. Ankakangana mu Chiyao, mokweza, ine ndikumva theka lokha ndili pakhonde panga. Akatha, mayiyo ankawabweretsera tiyi.

Mkangano wina unali ndi ife obwera, aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki, ambiri mwa ife Akhristu. Kukagwa maliro tinkafuna bokosi, ndipo kalipentala wodziwa ntchito m'dera lonselo anali iwo okha. Ankakana. Kwawo munthu amapita atakulungidwa nsalu, ndipo iwo ankati manja awo anaphunzira kukhomera anthu amoyo. Sajeni wina anawakalipira mpaka kuwaopseza, iwo n'kumangopala thabwa lawo. Tinkawanena kuti ndi ouma mtima. Nanenso ndinanenapo.

Pachisakasapo panali nsanamira imodzi yodzaza timizere tochekedwa ndi kampeni. Mayi akafuna kampando kapena kabedi ka mwana, Che Bwanali ankaitanitsa mwanayo, n'kumuimika atatsamiza msana pansanamirapo, chikhato pamutu, kenako kamzere. Mizereyo inalibe maina koma ankaidziwa yonse. Ankatha kukulozera kuti aka ndi ka uje amene pano akupalasa njinga ku Chiponde, aka ndi ka uje amene ali ndi ana atatu ku Chembe.

Mpira ankauda koopsa. Ankati sanaonepo misala ngati ya anthu a ndevu zawo othamangitsa chikopa chimene sangadye. Anyamata akamasewera m'mbali mwa msewu, mpira wawo wachikulunga n'kugwera pachisakasa, ankaukhalira. Ankaubweza madzulo, mwiniwake atasesa utuchi. Amene ankasesa kawirikawiri anali Dalitso wanga, chifukwa phazi lake linali lamphamvu kuposa maso ake.

Anayamba kutsimphina ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinkati wavulala kumpira. Kenako ntchafu inatupa, ndipo tinagona kuchipatala kuboma miyezi iwiri. Anatiuza kuti ndi matenda a m'mafupa, anatipatsa mankhwala, n'kutibweza kunyumba. Namwino wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwanayo asamagone pansi, ndimupezere bedi. Ponena zimenezi ankayang'ana mapazi anga.

Ndinalibe tepi. Tsiku lina masana mwana ali mtulo pamphasa, ndinasolola bango pampanda, ndinaliika pambali pake, ndinalithyola pamene panalekeza mapazi, n'kuwoloka nalo msewu. Ine, mwana wa ku Ntcheu, amene ndinakula ndikuona adzukulu akutuluka m'nyumba ya siwa ndi bango lotere kupita nalo kumanda kuti akadziwe kutalika kwa dzenje. Sindinaganize kanthu. Kapena ndinali nditaganiza kale, mutu osandiuza.

"Che Bwanali, ndikufuna bedi la mwana. Muyeso ndi uwu."

Anayang'ana bangolo, kenako anandiyang'ana ine.

"Aphunzitsi, kunyumba kwagwa zovuta?"

"Ayi, ali mtulo."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Apo m'pamene ndinaona chimene ndinanyamula. Anandilanda, analithyola pabondo, analithyolanso, n'kuponya zidutswazo pamoto umene ankasungunulira guluu.

"Ngwamba," anatero, kukana kwawo kwa Chiyao kumene kunalibe apilo. "Mwana wamoyo sitimuyeza ali chigonere. Mwatopa, ndaona, koma musamuperekeze asananyamuke. Bedi ndikhoma. Muyeso ndidzatenga tsiku limene adzaimirire."

"Adokotala akuti mwina sadzaimanso."

"Adokotala anena zawo. Ine ndine kalipentala."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo pamaso pa munthu, ndipo ndinawakwiyira chifukwa cha manyaziwo. Ndinabwerera kunyumba osatsanzika.

Madzulo ake anabwera. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pansi pambali pa mphasa, n'kumulankhula mwanayo mwaulemu ngati mkulu mnzawo.

"Che Dalitso, mwasiya kundiponyera mpira, ndiye utuchi wandichulukira. Amayi anu akuti mukufuna bedi. Lotani?"

Mwanayo anaganiza kanthawi. "La golo."

"Golo n'chiyani?"

"Pomwetsera zigoli, agogo."

Loweruka lotsatira anthu anadabwa kuona Che Bwanali, mkanjo mbee, atakhala pamwala kubwalo la sukulu kuyambira mpira kuyamba mpaka kutha. Utatha analowa m'bwalo, anazungulira golo, analigwedeza, analiyeza ndi mikono, n'kupukusa mutu chifukwa amene analikhoma anamenyapo misomali. Pobwera anadzera kwathu ali ndi funso limodzi lokha.

"Che Dalitso, tandiuzani. Anthu akhoma khomo lalikulu chonchija, onse akufuna kulowetsamo mpira, ndiye n'kuimikapo munthu woti azikaniza? Bwanji osangomuchotsa?"

Dalitso anaseka mpaka anatsokomola. Kanali koyamba kumumva akuseka chichokereni kuchipatala.

Mwezi womwewo kunkabwera mlendo wachipani, ndipo tcheyamani wa m'deralo ankayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa zomangira nsanja. Za matabwa a mbawa aja ankadziwa, mudzi wonse unkadziwa. Ananena kuti adzawatenga Lachisanu. Che Bwanali anavomera ndi mutu. Lachinayi sowo inalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo tcheyamani atafika ndi anyamata ake anapeza matabwa asanu ndi awiri ali zidutswazidutswa, otsalawo osaoneka.

"Ndadula kale, bwana tcheyamani. Ndi a mwana wodwala. Onani, afupika, nsanja sangakwane."

Anyamatawo anawagwira Che Bwanali n'kupita nawo. Masiku amenewo munthu ankasowa pa zinthu zazing'ono kuposa apa, ndipo Abiti Saidi anakhala pakhomo masiku atatu osayatsa moto. Anawabweza atamanga nsanja yonse okha ndi mitengo ina, padzuwa. Zimene anawachita kumeneko sananene. Anangomwa madzi, n'kufunsa ngati wina wakhudza zidutswa zawo.

Bedi limeneli, mosiyana ndi tebulo la ahedi, linatha m'masabata atatu. Analibweretsa lili lophwasula n'kulilumikizira m'chipinda. Kumapazi kunali mitengo iwiri yaitali yofika m'khosi mwa munthu wamkulu, ndi wina wopingasa pamwamba. Kuseri kwake anamanga ukonde wakale wophera usipa umene anapempha kwa asodzi, ndipo m'nyumba munanunkha nsomba dzinja lonse. M'mbali mwa bedi anajambula mzere woyera wa laimu ngati wa m'bwalo. Kumutu anasema bwalo lozungulira la pakati lija. Mpira unali wachikulunga, womangidwa kuchingwe chachitali kuti mwana akaumenya aziukokanso yekha.

Koma utali wake unali wa bambo wa ndevu. Titamugoneka Dalitso anaoneka ngati kansomba kamodzi m'bwato, mapazi ake ali kutali ndi golo.

"Lakula kwambiri," ndinatero.

"Silinakule. Mwini wake ndiye sanakule. Adzalipeza."

Tsiku lililonse akachoka kumzikiti masana ankadzera kwathu kudzafunsa zigoli. Dalitso akati makumi awiri, iwo ankafunsa kuti ndi mwendo uti. Za mwendo wabwino ankati n'zakuba, sizikuwerengedwa. Mwanayo ankakwiya, ankalira, ankati agogo sadziwa malamulo, kenako ankayesa ndi wodwalawo mano ali gwa. Mpira ukangosuntha pang'ono, mkuluyo ankati chambone, kutanthauza kuti zili bwino. Nthawi zina ankakoleka kofiya yawo pakati pa ukonde kuti ikhale goloboyi, ndipo mpira ukaigunda khadi la chipani linkagwera pansi, onse awiri n'kuseka motsitsa mawu.

Patapita milungu anafupikitsa chingwe, akuti chatha. Kuti aufikire mpira, Dalitso ankayenera kudzikhwekhwereza mpaka kumapazi. Kenako anaukweza, moti ankayenera kukhala tsonga. Kenako anaukoleka pamwamba penipeni. Ine mphunzitsi, amene ntchito yanga n'kunyengerera ana kuti achite zimene sakufuna, ndinachedwa kuzindikira. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinagwira mitengo ya golo ija, n'kupeza kuti anaipala mozungulira, yosalala, yonenepa mongokwana m'dzanja la mwana.

Linali Lamlungu m'mawa, mvula itatha, chimanga chikuuma m'minda. Ndinali pakhonde ndikuchonga makope pamene ndinamva mawu awo m'chipinda.

"Aphunzitsi, tabwerani. Musathamange."

Dalitso anali chiimire pansi, manja onse awiri atagwira mtengo wa golo, mwendo ukunjenjemera, thukuta likutsika m'khosi. Sanandiyang'ane, maso anali pakhoma. Che Bwanali anatulutsa kampeni m'thumba mosafulumira.

"Wongokani, Che Dalitso. Musandibere muyeso."

Anaika chikhato pamutu pake, anacheka kamzere pamtengo wa golo, anauzira tiutuchi take. Mwanayo anaima nthawi yokwanira kunena pemphero la Ambuye kamodzi, kenako anagwera m'mikono mwawo. Pambuyo pake anaimanso kanayi. Ndinkawerenga.

Dalitso anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, belu loyamba likulira kusukulu. Zinayamba ndi chifuwa ndipo sizinatenge sabata.

Achimwene anga anali atabwera kuchokera ku Ntcheu atamva kuti zafika povuta. Ndi munthu wosataya nthawi. Ahedi anali atapeza lole yoti itinyamule, chotsala chinali bokosi, ndipo achimwene anamva kuti kalipentala wa patsidya sakhoma mabokosi. Analowa m'chipinda, anagogoda bedi lija ndi chala, n'kunena kuti matabwa ake ndi abwino, tingoliphwasula. Kenako anatuluka kupita kumpanda kukasolola bango. Ine ndinali pansi pakati pa amayi, ndikuona zonsezi ngati zikuchitikira munthu wina.

Che Bwanali anakumana nawo pakhomo.

"Bambo, siyani bango. Bedinso mulisiye."

"Nanga mwana timunyamula bwanji? Inu akuti simukhoma."

"Muyeso ndili nawo kale."

Mwana tinali titamugoneka pamphasa pabalaza. Che Bwanali anadutsa maso ali kukhoma, analowa m'chipinda, anatulutsa chingwe m'thumba, anayeza kuchokera pansi mpaka pakamzere kaja. Kenako anawonjezera chikhato chimodzi, n'kumanga mfundo. Achimwene, amene anawatsatira, anafunsa kuti chowonjezeracho n'chachiyani.

"Papita miyezi iwiri," anatero. "Mwana amakula."

Matabwa asanu otsala a boti lija anatuluka m'denga la khola la mbuzi mmene anawabisa. Pofika masana bokosi linali pakhomo pathu, lopanda msomali ngakhale umodzi. Limeneli linali loyamba ndi lomaliza. Ndinamva pambuyo pake kuti akuluakulu ena kumzikiti anawafunsa, ndipo iwo anayankha kuti ngati liri tchimo alembedwe iwo, aphunzitsi asakhudzidwe. Abiti Saidi sanatchulenso za boti.

Chaka chotsatira anandisamutsa. Bedi sindikanatha kugonapo, sindikanatha kupatsa munthu, sindikanathanso kuliona. Che Bwanali anabwera, anazula tizikhomo take, analinyamula chidutswa chimodzichimodzi kuwolotsa msewu. Ndinkaganiza kuti apangira mipando. Potsanzikana sitinalankhule zambiri, anangoti ndiyende bwino ndipo ndisamadye nditaimirira. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Moni ndinkatumiza kudzera mwa madalaivala, koma ine ndekha sindinapite, ngakhale ulendo wake ndi wa tsiku limodzi. Ndinkaopa msewu umenewo, ndipo palibe chifukwa china.

Ndinapita Lachisanu, manda atagona kale masiku atatu. Abiti Saidi anali m'nyumba monga amakhalira mkazi woferedwa, atakalamba kwambiri, maso atachita nkhungu. Anandizindikira ndi mawu.

"Amake Dalitso, mwabwera. Mnzanu uja wapita."

Anandiuza kuti zaka ziwiri zomaliza miyendo inawakana amuna awo. Anaitanitsa zidutswa za bedi lija kudenga, anazilumikiza okha atakhala pansi, n'kusiya mphasa imene anagonapo moyo wawo wonse. M'mawa uliwonse ankadzikhwekhwereza mpaka kumapazi, n'kugwira mtengo wa golo kuti aimirire kuswali, pemphero lawo la Chisilamu. Adzukulu awo akaseka kuti agogo akugona m'bwalo la mpira, ankawauza kuti bedilo si lawo, angobwereka kwa Che Dalitso.

"Anamwalirira pomwepo," anatero Abiti Saidi. "Koma mukudziwa, ngakhale iwo mapazi sankafika kugolo. Anali wamfupi bambo uja."

Anaseka pang'ono, ndipo ndinaseka nawo, ndikumva kuseka kwanga ngati kukuchokera panja.

Kenako ndinatuluka kupita pachisakasa. Zida anagawana kale ana a mlongo wawo, pakhoma patsala tizikhomo tokolekapo ndi zithunzi za fumbi za sowo ndi kasemasema. Wina anasesa utuchi wonse, ndipo kanali koyamba kuona dothi la pamalopo. Nkhuku yakumba pamene pankayaka moto wa guluu. Nsanamira ija ilipo, timizere take tada ndi zaka, ndipo tsopano palibe amene angakuuze kuti aka ndi ka yani. Patsidya pa msewu, pakhonde limene linali langa, panali patayanikidwa zovala za anthu ena.

Bedi analitulutsa kuti lipitidwe mphepo, ndipo laima pakati pa chisakasa pamene pankakhala benchi yawo. Laimu anafufutika. Ukonde wabooka pakati. Mpira palibe, patsala chingwe chokha chikulendewera. Mtengo wa kumanja wada ndi kugwiridwa malo awiri, m'munsi ndi m'mwamba pang'ono. Ndinaima pambali pake. Kamzere kaja kamandifika m'nthiti, pamene mutu wa Dalitso unkagunda akandikumbatira. Kuchokera pamenepo mpaka pamwamba mtengowo ndi wosalala, malo onse amene Che Bwanali anasiyira mizere ina.